Ndani amayendetsa sukulu ya mwana wanu, nanga ndalama zimachokera kuti?

Makolo ambiri kuno ku Dzaleka amafunsa kuti: desiki ikathyoka, denga likadontha kapena mabuku akachepa, tidandaule kwa yani? Kuti tidziwe yankho, tiyenera kumvetsa momwe sukulu za pulayimale zimayendera m'Malawi. Ana athu amatsatira maphunziro a boma la Malawi ndipo amalemba mayeso a MANEB a Sitandade 8 ngati anzawo a m'midzi yotizungulira.

Amene amayendetsa sukulu

Mphunzitsi wamkulu amayang'anira aphunzitsi ndi kaphunzitsidwe ka tsiku ndi tsiku, koma sayendetsa sukulu yekha. Pali komiti yoyendetsa sukulu, imene ambiri amaitchula kuti SMC. Komitiyi imaona za nyumba zophunziriramo, zimbudzi, katundu ndi ndalama. Pali PTA, yomwe ndi bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndipo ndi kumeneko kumene kholo lililonse lili ndi mwayi wolankhula. Palinso gulu la amayi lotchedwa Mother Group, lomwe limalondola ana osiya sukulu, makamaka atsikana, kuti abwerere m'kalasi.

Pamwamba pa sukulu pali mlangizi wa maphunziro wotchedwa PEA, amene amayendera sukulu zingapo za m'dera lake. Iyeyu amapereka malipoti ku ofesi ya maphunziro ya khonsolo, ndipo kwathu kuno ndi khonsolo ya Dowa.

Njira ya ndalama

Chiyambire 1994, maphunziro a pulayimale m'sukulu za boma ndi aulere. Mu 1998 dziko la Malawi linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu, ndipo ntchito zambiri za sukulu za pulayimale zinapita m'manja mwa makhonsolo. Boma limalipira aphunzitsi ake, komanso limatumiza ndalama zotukulira sukulu zotchedwa SIG kudzera ku khonsolo mpaka ku akaunti ya sukulu kubanki.

Ndalamazi sizigwiritsidwa ntchito mwachisawawa. Aphunzitsi, komiti, makolo ndi mafumu amayamba akhala pansi n'kulemba pulani ya sukulu ya chaka chimenecho: tigule choko ndi makope, tikonze chimbudzi cha atsikana, tithandize ana amasiye kapena olumala. Chimene sichinalowe mu pulaniyo n'chovuta kuchipezera ndalama pambuyo pake. N'chifukwa chake kholo losapita kumsonkhano limadzadabwa poona kuti vuto la mwana wake silinaganiziridwe.

Sukulu ya m'kampu muno, Umodzi Katubza, imayendetsedwa ndi bungwe la JRS ndipo imadalira kwambiri thandizo la mabungwe. Ngakhale gwero la ndalama lisiyane, funso la kholo ndi limodzimodzi: zinabwera zingati, ndipo zagula chiyani?

Za matabuleti

Mu 2023 boma linayambitsa pulogalamu ya BEFIT m'sukulu 500, ndipo cholinga chake n'chakuti ifike m'sukulu zonse za pulayimale za boma. Ana a Sitandade 1 mpaka 4 amaphunzira kuwerenga Chichewa ndi masamu pa tabuleti. Mwana amavala zomvera m'makutu n'kumatsatira phunzirolo pa liwiro lake. Matabuletiwa safuna intaneti pophunzira, ndipo amatchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa.

Kwa mwana amene kunyumba amalankhula Chiswahili, Kirundi kapena Kinyarwanda, kumva mawu a Chichewa mobwerezabwereza kungathandize. Koma tabuleti silowa m'malo mwa mphunzitsi, ndipo sidzisamala yokha. Batire ikafa kapena sola ikabedwa, kalasi yonse imaima. Choncho bungwe lililonse likabweretsa zipangizo zoterezi, makolo afunse zinthu zitatu: zizisungidwa kuti, zikawonongeka akonze ndani, ndipo mwana aliyense azigwiritsa ntchito kangati pa sabata. Mayankho amenewa alembedwe zipangizozo zisanayambe kugwira ntchito.

Zimene inu mungachite

Pitani kumsonkhano wa PTA ngakhale Chichewa chikukuvutani. Tengani mnzanu wokumasulirani. Pemphani kuti lipoti la ndalama liwerengedwe poyera ndi kupachikidwa pamalo poonekera. Mukapemphedwa kusonkha kanthu, funsani kuti anagwirizana pamsonkhano uti, ndipo musachoke opanda lisiti. Mwana wanu akabwezedwa kunyumba chifukwa cha msonkho wotere, musamusunge pakhomo. Kaonaneni ndi mphunzitsi wamkulu tsiku lomwelo. Zikakanika, pitani kwa wapampando wa komiti, kenako kwa mtsogoleri wa zoni yanu kapena ku ofesi yoona za maphunziro m'kampu muno.

Nthawi yosankha komiti ikafika, sankhani anthu amene ali ndi ana pasukulupo, amayi ndi abambo omwe, ndiponso ochokera m'mitundu yosiyanasiyana, kuti pasakhale gulu losowa woliyankhulira.