Chibakera Chosafika pa Chibwano

Chibakera cha m'filimu sichifika pa chibwano. Chimadutsa patali pang'ono, kamera itaima kumbuyo kwa phewa la womenyayo kuti mpatawo usaoneke. Chimene chimachititsa kuti ife oonera tigwire tsaya ndi mutu wa womenyedwa: kutembenuka kwake pa kamphindi koyenera, maso kutuzuka, maondo kulobodoka, thupi lonse n'kugwa pansi khu! Akafulumira pang'ono, ndi ana omwe amaseka. Akachedwa, chibakera chija chimaoneka kuti chamenya mphepo. Munthu wogwayu, amene dzina lake limatuluka kumapeto kwa filimu anthu atanyamuka kale, ndiye amandigwira mtima pa ntchito yonseyi.

Ku Kafue, makilomita pafupifupi 45 kum'mwera kwa Lusaka, anyamata ofuna kukhala Jet Li sasowa. Tauniyi inakula ndi mafakitale: Nitrogen Chemicals of Zambia yopanga feteleza kuyambira 1970, ndi Kafue Textiles yoluka nsalu. Ntchito zitayamba kuchepa m'zaka za m'ma 1990, fakitale ya nsalu n'kudzatsekedwa, ana ambiri a m'makomboni monga Zambia Compound anakulira m'tinyumba ta vidiyo, pa mabenchi, akuonera Bruce Lee, Van Damme ndi Chuck Norris. Ena anakaphunzira karate, ena taekwondo, ena nkhonya. Lero amajambulana ndi foni n'kuika pa Facebook ndi TikTok, ndipo funso lawo ndi limodzi: popeza mateche ndimawatha, chatsala n'chiyani?

Chatsala n'chachikulu, chifukwa ntchito ziwirizi zimakokera kosiyana. Mphunzitsi wa nkhonya amakuwa tsiku ndi tsiku kuti usaonetse dzanja limene likubwera, chibwano pansi, manja m'mwamba, ndipo akakupweteka usakwinye nkhope, mnzakoyo angadziwe pamene pali bala. Chibakera chabwino m'bwalo n'chachifupi, chachangu, chosaoneka. Wojambula filimu amafuna zosemphana nazo: tambasula mkono tione kumene ukuchokera, chotsa manja kumaso kamera ikuone, chedwa pang'ono, ndipo akakumenya lira ndi thupi lonse. Zimene munthu wakhala akuziphera thukuta zaka khumi kuti apeze lamba wakuda, ayenera kuzimasula m'masiku ochepa. Ambiri zimawakanika. Ochita zisudzo amadandaula kuti anyamata a karate amamenyadi, sadziwa kubweza dzanja. A karate nawo amati a zisudzo thupi n'louma, theche lawo silifika ngakhale m'chiuno. Onse akunena zoona.

Ena mwa akatswiri amene ana a ku Kafue amawasirira sanachokere m'bwalo la ndewu monga ambiri amaganizira. Bruce Lee anali mwana wa katswiri wa zisudzo za opera ku Hong Kong, ndipo anasewera m'mafilimu pafupifupi 20 asanakwanitse zaka 19, kalekale Enter the Dragon ya 1973 isanalotedwe. Jackie Chan anakhala zaka khumi pa sukulu ya zisudzo ya Yu Jim-yuen, pamodzi ndi Sammo Hung, akuphunzira kuimba, kuvina, kugudubuzika ndi kugwa. Van Damme anaphunzira kuvina ballet. Michelle Yeoh, amene analandira Oscar mu 2023, anayambanso ndi kuvina, osati ndewu. Ngakhale wushu imene inamutchukitsa Jet Li ku China, asanaonekere mu Shaolin Temple mu 1982, ndi ya chionetsero: oweruza amapereka mapointi poona kukongola kwa mayendedwe. Chuck Norris anali katswiri weniweni wa mipikisano yomenyana, koma naye mnzake Steve McQueen anamulangiza kuti akaphunzire zisudzo. Ife amene tinaonapo Gule Wamkulu sitiyenera kudabwa: chilombo sichionetsa nkhope, koma poona mapazi ndi mapewa timadziwa kuti ichi n'chaukali, ichi n'chankhalamba, ichi n'chachipongwe. Thupi limasewera sewero. Funso ndi lakuti thupilo linaphunzitsidwa kupambana kapena kufotokoza nkhani.

Ku Zambia omenya enieni alipo, ndipo ndi otchuka. Lottie Mwale anali ngwazi ya Commonwealth. Catherine Phiri anakalanda lamba wa WBC ku Mexico mu Januwale 2016 atagonjetsa Yazmin Rivas. Esther Phiri anafikadi pa kanema, mu Between Rings ya 2014 imene anajambula Jessie Chisi ndi Salla Sorri, koma mmenemo sankasewera munthu wina, inali mbiri ya moyo wake. Ku Malawi kuli Enock Alu, mwana wamasiye amene anakulira ku Amitofo Care Centre pafupi ndi Blantyre, akuphunzira kung fu ndi Chitchaina, n'kumalota zodzakhala ngati Jet Li. Nicole Schafer anamujambula mu Buddha in Africa ya 2019. Chimene chimatsalira mumtima ukaonera filimuyi si kudumpha kwake, ngakhale kuli kogometsa, koma nkhope yake pamene akusinkhasinkha zopita ku Taiwan kapena kubwerera kumudzi kwa agogo ake. Kamera imakonda nkhope yotere. Vuto ndi lakuti wosewera ayenera kuibweretsa pamene wauzidwa, kachisanu, kakhumi, dzuwa likuswa mtengo.

Tsono pali nkhani ya ndalama, imene imandisowetsa mtendere kuposa zonse. Masewero amene akhala akulemba anthu ntchito ku Lusaka, monga Mpali ndi Zuba pa Zambezi Magic, ndi a nkhani za m'banja: mitala, chuma, nsanje, apongozi. Anthu amakhala pa mipando n'kumayankhulana, ndipo tsiku limodzi mukhoza kujambula zambiri. Ndewu ya mphindi ziwiri imadya masiku: kuikonza, kuiyeserera, kuijambula mbali zingapo, kenako kuikamo phokoso la zibakera pa kompyuta. Wopanga filimu wa thumba lochepa amaithawa. Choncho mnyamata wa ku Kafue amene wakwera minibasi kupita ku Lusaka kukayesedwa sakafunsidwa kuti aponye theche. Akamupatsa pepala kuti awerenge mawu, mwina a mlonda, mwina a mwamuna wokanidwa. Ngati satha kuyankhula ndi kumvetsera pamaso pa kamera, ndalama ya basi yapita pachabe, lamba wakuda ali m'chikwama.

Njira ina anaionetsa anzathu a ku Uganda. Isaac Nabwana, m'komboni ya Wakaliga ku Kampala, anajambula Who Killed Captain Alex? mu 2010 ndi ndalama zosapitirira madola mazana ochepa, osewera ake ali anyamata a kung fu a m'deralo, ndipo filimuyo inadziwika dziko lonse kudzera pa intaneti. Kafue ali nazo zonse zimene wojambula angafune: mtsinje, mlatho wa njanji wa 1906, mapiri, zipupa za mafakitale akale. Pafupi ndi Lusaka palinso kachisi wa Shaolin, ndipo mu 2023 dziko la Zambia linalandira mpikisano wa kung fu ya Shaolin wa maiko a mu Africa. Matupi ophunzitsidwa akuchuluka.

Amene sakuchuluka ndi ophunzitsa kugwa. M'timavidiyo ta pa foni aliyense amafuna kukhala wopambana, ndipo wogwa amakhala mng'ono wake wa wina, amene amadziponya pa nthaka youma popanda matiresi, popanda womuuza kuti abise chibwano pachifuwa ndi kufikira pa msana, osati pa chigongono. Akathyoka dzanja, ndi mayi ake amene amamuperekeza ku chipatala, ndipo palibe pepala limene anasaina lonena kuti adzalipira ndani. Ku America komwe, kumene anthu ogwa m'malo mwa akatswiri akhala akuvulala kuyambira masiku a mafilimu opanda mawu, a Oscar analengeza mu 2025 mokha kuti ntchitoyi idzakhala ndi mphotho yakeyake, ndipo yoyamba idzaperekedwa mu 2028.