Mpumiro ndi mpatuliro: kuthandiza ana kulemba zomveka

Mwana wa Sitandade 3 akauzidwa kuti alembe za ulendo wa kumsika, kawirikawiri amadzaza tsamba lonse ndi chiganizo chimodzi. Amayamba ndi "tinapita", n'kumalumikiza ndi "ndiye", "kenako", "ndiye" mpaka pepala litatha, popanda kadontho paliponse. Nkhaniyo imakhala yokoma ndithu, koma woiwerenga amabanika asanafike pakati. Mwanayo mawu ali nawo, nzerunso ali nazo. Chomwe sanadziwe n'chakuti malo amene amapumira poyankhula ali ndi zizindikiro zake papepala.

Zizindikiro za m'kalembedwe zimene mwana amayamba kukumana nazo ndi mpumiro, mfunsiro, mpatuliro ndi mfuuliro, pamodzi ndi lembo lalikulu loyambira chiganizo kapena dzina. N'zazing'ono m'maonekedwe, koma zimatha kutembenuza uthenga. Munthu akalemba kuti "Musabwere mawa, kuli msonkhano" waletsa ulendo wa mawa. Akasuntha mpatuliro n'kulemba kuti "Musabwere, mawa kuli msonkhano" waletsa ulendo wa lero, ndipo amene walandira uthengawo akhoza kukonzekera kudzapezeka pamsonkhano womwewo. Mawu ndi amodzimodzi. Chasintha ndi malo a kachizindikiro kamodzi.

M'Chichewa muli chifukwa china chapadera. Funso silisowa kuyamba ndi "kodi" nthawi zonse. "Wadya nsima." ndi "Wadya nsima?" amalembedwa ndi malembo ofanana, ndipo pakamwa amasiyana ndi kakwezedwe ka mawu basi. Mwana wa zaka zinayi amadziwa kale kusiyana kumeneku ndi khutu. N'chifukwa chake njira yachidule yophunzitsira zizindikiro imayambira pa kumva, malamulo n'kubwera pambuyo. Mwana amene waloweza kuti "mpumiro umaikidwa kumapeto kwa chiganizo" amatha kuyankha bwino pamayeso, koma n'kulephera kuuika m'nkhani yake chifukwa sadziwa pamene chiganizo chake chathera.

Kuyambira pa khutu sikulira ndalama. Mphunzitsi akhoza kulemba ndime yaifupi pabolodi popanda chizindikiro chilichonse, n'kuiwerenga monga momwe yalembedwera, osapuma. Ana amaseka, ndipo kusekako ndi umboni wakuti azindikira kuti pali chosowa. Akaiwerenganso bwino, ana amawomba m'manja pamene mawu atsika n'kuima, ndipo mmodzi amapita kukaika mpumiro pamalopo. Ena amagwiritsa ntchito timiyala, njere za chimanga kapena zitsekerero za mabotolo: mwana amaziika pa zimene walemba, amawerenga mokweza, n'kuzisuntha mpaka zitakhala pamalo oyenera, kenako n'kulemba ndi pensulo. Kamwala kamasunthika popanda kufufuta, choncho mwana saopa kulakwitsa. M'kalasi ya ana oposa 100, zomwe si zachilendo m'masitandade oyamba ngakhale cholinga cha boma chili chakuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, ntchitoyi imatheka ana atakhala awiriawiri, wina kuwerenga wina kumvetsera.

Kuphunzitsa zizindikiro zonse nthawi imodzi kumasokoneza. Mpumiro ndi lembo lalikulu ziyenera kuyendera limodzi ngati chitseko ndi mphuthu yake, ndipo mwana akhazikike pa zimenezi asanapite kwina. Mfunsiro umatsatira mosavuta. Mpatuliro umamveka msanga ukayambira pa mndandanda wa zinthu zimene mwana amatumidwa kukagula: mchere, sopo, tomato ndi usipa. Mfuuliro suvuta kuphunzitsa. Chovuta ndi kuuletsa, pakuti ana akaudziwa amaukonda mpaka kuuika pa chiganizo chilichonse. Mitengero, yosonyeza mawu enieni a woyankhula, ikhoza kudikira mpaka mwana atayamba kulemba nkhani zokhala ndi anthu okambirana.

Nkhodolero ndiyo imafuna chidwi chapadera, chifukwa m'Chichewa imagwira ntchito ziwiri. Nthawi zina imasonyeza kuti lembo lachotsedwa, monga "mu nyumba" akasanduka "m'nyumba". Nthawi zina ndi gawo la liwu lenilenilo, monga mu "ng'ombe" ndi "pang'ono". Mwana akaiiwala, ng'oma yoimba imasanduka ngoma, nyama ya kutchire ija, ndipo m'bale wake amasanduka mbale yodyera. Zitsanzo ngati izi ana saziiwala, ndipo zimathandiza kuposa kuwalembetsa lamulo kakhumi. Akuluakulu ambiri, ngakhale ophunzira bwino, amapunthwanso pomwepa, makamaka polemba mauthenga a pafoni.

Kachongedwe nakonso kali ndi mbali yake. Kope likabwerera litafiira ndi inki, mwana amaphunzirapo chinthu chimodzi: kulemba zochepa kuti asalakwitse zambiri. N'kwabwino kuti mphunzitsi asankhe chizindikiro chimodzi pa ntchito iliyonse, aike kadontho m'mbali mwa mzere umene muli vuto, ndi kumusiya mwanayo kuti alipeze yekha powerenga mokweza.

Kunyumba, kholo silifunika kudziwa mayina a zizindikirozi kuti lithandize. Ngakhale agogo amene sanapite kusukulu akhoza kuuza mdzukulu kuti awawerengere zimene walemba, n'kumufunsa kuti, "Pamenepo ukufunsa kapena ukunena?" kapena "Bwanji sukupuma?" Funso lotere limabwezera mwana kupepala kuti akaone chimene chasowa. Makomiti oyendetsa sukulu, a makolo ndi aphunzitsi komanso magulu a amayi ali ndi mwayi wofalitsa chizolowezichi pamisonkhano yawo, ndipo alangizi a maphunziro a pulayimale akhoza kuchiika pa zokambirana za aphunzitsi m'mazoni.

Kuyambira mu 2016, Unduna wa Zamaphunziro wakhala ukuyendetsa ndondomeko ya National Reading Programme yolimbikitsa kuwerenga Chichewa ndi Chingerezi m'Sitandade 1 mpaka 4. M'zaka zinayi zimenezi ndi mmene chizolowezi cha kalembedwe chimakhazikika. Mwana akadutsa osagwira mpumiro, vutolo limamutsatira mpaka Sitandade 8, kumene mayeso a bungwe la MANEB amafuna kuti alembe kalata kapena chimangirizo chomveka, ndipo kusankhidwira kusekondale kumadalira zotsatira za mayesowo.

Nkhaniyi imafikanso pa ntchito za chitukuko. Zolemba za misonkhano ya makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, makalata opempha mjigo kapena mlatho, ndi malipoti a momwe ndalama zagwirira ntchito, zonsezi zimalembedwa ndi anthu amene anaphunzira kulemba m'sukulu za m'boma muno. Pempho lolembedwa m'chiganizo chimodzi chotalika tsamba lonse limachedwa pa desiki, chifukwa woliwerenga amayamba wafunsa kuti mudzi womwe ukupempha ndi uti, ndipo womwe wangotchulidwa ngati malire ndi uti.