Chikho Choyamba cha Mpira wa Maiko

Tikaona ana athu akulimbirana mpira pabwalo, tisamadabwe, pakuti ngakhale maiko anachita zomwezo. M'chaka cha 1930 Bwana Jules Rimet, Mkatolika wa ku France ndiponso mtsogoleri wa FIFA, anasonkhanitsa maiko 13 ku Montevideo, m'dziko la Uruguay, pokhulupirira kuti masewera angathe kuyanjanitsa mitundu ya anthu. Ku Ulaya kunachokera maiko anayi okha; ena anaopa ulendo wa panyanja wa masabata awiri. Pa masewera otsiriza Uruguay ndi Argentina anakangana, yense kufuna mpira wa kwao. Mlanduwo anauweruza chotere: chigawo choyamba mpira wa Argentina, chachiwiri wa Uruguay. Argentina anatsogola 2-1 ndi mpira wao, koma atausintha Uruguay anapambana 4-2.