Kodi mumadziwa kuti paipi ya utsi imapatsa injini mphamvu?

Kutalika kwa paipi ya ekizozi kumawonjezera kapena kuchepetsa mphamvu ya injini.

Utsi umatuluka mu injini modukizadukiza ngati mafunde. Funde likafika pothera paipi limabwerera n'kukoka utsi wotsalira, ndipo petulo ndi mpweya watsopano zimalowa bwino. Paipi ikafupika kapena kutalika mopyola muyeso, fundelo limafika pa nthawi yolakwika.

N'chifukwa chake amisiri a ku Britain oika injini ya njinga yamoto ya Suzuki Hayabusa m'timagalimoto ta Westfield amapinda mapaipi ake anayi mokhotakhota kuti onse atalike mofanana.

Choncho wakabaza wa ku Nkhorongo mumzinda wa Mzuzu akadulitsa ekizozi kwa wowotcherera pofuna phokoso, njinga yake ikhoza kumafooka pokwera chitunda.