Chitakale: khomo la Phiri la Mulanje

Amalawi ambiri akafuna kukapitidwa mphepo pagalimoto amaganiza za kunyanja. Amatchula msewu wochoka ku Salima kupita ku Nkhata Bay, kapena chitsetse cha pa Chiweta pamene madzi amangotulukira mwadzidzidzi kumunsi. Koma kummwera kuno kuli msewu wina wosachepa pa imeneyo, ngakhale m'mbali mwake mulibe mchenga kapena bwato. Ndi msewu woyenda m'tsinde mwa Phiri la Mulanje, ndipo woufuna ayenera kudzera pa Chitakale, pamene tinafika paulendo wathu woyendera matauni a m'dziko muno.

Wochokera ku Limbe ali ndi njira ziwiri. Angathe kudzera ku Thyolo ndi ku Luchenza, mokhotakhota m'minda ya tiyi, kapena kulowa msewu wachidule wa Midima umene mu 2006 unapatsidwa dzina la Robert Mugabe. Njira ziwirizi zimakumana asanafike pa Chitakale, ndipo pofika apo phiri limakhala litadzaza kale galasi lonse lakutsogolo. Pa Chitakale penipeni msewu umagawikana. Wopitirira kutsogolo amafika pa Boma patangotha makilomita awiri, kenako ku Mimosa, ku Limbuli mpaka kuchipata cha Muloza, kumene tsidya lake ndi Milange wa ku Mozambique. Wokhotera kumanzere amalunjika ku Likhubula ndi ku Phalombe, pamsewu umene anthu akuno anaudikira zaka zambirimbiri kuti uthiridwe phula. Pamsewu umenewu ndi pomwe thanthwe la Chambe limaonekera bwino, chikhoma chotalika mamita pafupifupi 1,700 chimene okwera matanthwe a kunja amachitchula mwaulemu.

Tauniyo payokha ndi yaing'ono koma siigona tulo. Maminibasi amaimira paliponse, oitanira akukokerana okwera, anyamata a kabaza atandanda ndi njinga zawo pamphambano. M'mbali mwa msewu amayi amaunjika zinanazi zitatuzitatu, china pamwamba pa zinzake, pambali pali mapeyala ndi nthochi. Galimoto yachilendo ikangochepetsa liwiro, amanyamuka onse ndi mabeseni, wina atasenda kale chinanazi chimodzi, madzi ake akuyenderera m'mkono, kuti bwana alawe asanafunse mtengo. Dandaulo lawo ndi limodzi chaka ndi chaka: zipatso zimapsa nthawi imodzi, ogula ndi ochepa, ndipo zotsala dzuwa likamalowa amazigulitsa motaya kapena zimaolera pomwepo. Achikulire amakumbukira nthawi imene fakitale yoika zipatso m'zitini inkagula zinanazi za kuno. Nthochi nazo zinachepa kuchokera pamene matenda a chisaka anasesa minda ya ku Mulanje ndi ku Thyolo.

Kubiriwira kumene mlendo amakujambula kuli ndi mbiri yake. Azungu oyamba kutsegula minda kuno anayesa khofi, koma sanapite naye patali. Mu 1891 Henry Brown anabzala tiyi kuno ku Mulanje, ndipo m'kupita kwa zaka mbewuyi inafalikira m'tsinde lonse la kummwera kwa phiri, kumene mvula imagwa yochuluka. Maesiteti monga Lauderdale, Thornwood, Lujeri ndi Chitakale yemwe anakula ndi thukuta la Amang'anja ndi Ayao, komanso makamaka Alhomwe amene ankaoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzapeza thangata akuwadikira. Lero ku Mimosa kuli malo ofufuzira za tiyi othandiza maiko a m'chigawo chino, ndipo alimi ang'onoang'ono nawo amalima tiyi wawo. Komabe boma la Mulanje, limene pakalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 680,000, ndi lothithikana. Kuseri kwa mizere yokongola ya tiyi kuli mabanja amene munda wawo sungadyetse ana kufikira zokolola zina.

N'chifukwa chake anyamata ambiri maso awo ali kuphiri, ndipo amene anatigwira mtima kwambiri ndi operekeza alendo ndi onyamula katundu wawo. Ena mumawapeza pa Chitakale pomwepo akuyang'ana galimoto iliyonse yokhotera ku Likhubula. Ambiri amadikirira ku Likhubulako, makilomita pafupifupi 10 kuchoka pamphambano, pafupi ndi ofesi ya zankhalango pamene mlendo amalembetsa asanakwere. Ali ndi bungwe lawo, ndipo ntchito amagawana motsatira mndandanda kuti wina asadye yekha. Ndondomekoyi ndi yachilungamo, koma alendo akachepa munthu amatha masabata dzina lake lisanafikidwe.

Ntchito yake si yamasewera. Kuchoka ku Likhubula kukafika kunyumba yogona alendo ya pa Chambe ndi ulendo wa maola atatu kapena anayi, kudzera njira yotsetsereka ya Skyline kapena ya Chapaluka imene imatsata mtsinje. Wonyamula katundu amasenza chikwama cha mlendo, ufa, mpunga ndi mapoto, nthawi zina atavala nsapato zotha kumapazi, koma amafika pamwamba mlendo akadali kupumira m'munsi. Woperekeza ndiye maso a ulendo wonse. Amadziwa mwala woterera, mtsinje umene umadzaza mvula ikagwa kumtunda ngakhale pamene muli pali dzuwa, ndi mtambo umene ukutanthauza kuti chiperoni chafika, tibwerere. M'nyumba za pamwamba monga Lichenya, Thuchila, Chisepo, Chinzama ndi Sombani muli alonda amene amasonkha moto ndi kutunga madzi alendo asanafike. Anthu amenewa ndiwo amachititsa kuti munthu wa ku Lilongwe kapena wa ku Amsterdam akaime pa Sapitwa, mamita 3,002 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, n'kubwerako wamoyo. Phirili silichitira chifundo wodzikhulupirira. Mu 2003 mlendo wa ku Netherlands anasowa atakwera yekha, ndipo mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anafera komweko atasiya womuperekeza m'munsi.

Chodandaula chawo chachikulu n'chakuti alendo ambiri masiku ano satsika n'komwe m'galimoto. Amabwera Loweruka m'mawa kuchokera ku Blantyre, chakudya ndi zakumwa atagula kale m'tauni. Amaima m'mbali mwa tiyi kujambula zithunzi, ena amayenda pang'ono kukasamba pa Dziwe la Nkhalamba, dzuwa likapendeka abwerera. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo wapagalimoto ndiye amakamuka asanasiye kanthu. Wokwera phiri masiku atatu amalipira woperekeza, onyamula katundu, malo ogona ndi mayi wogulitsa tomato. Wongodutsa amasiya fumbi ndi mabotolo apulasitiki. Kuwonjezera apo, ntchitoyi ili ndi nyengo yake. Kuyambira mvula ikatha mpaka cha mu Okutobala zinthu zimayendako, koma dzinja likafika njira zimaterera, alendo amasowa, ndipo iyi ndi miyezi yomwe chimanga chimakwera mtengo. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unatseka ndege, anyamata anakhala nthawi yaitali osaona mlendo wakunja. Asanapume bwino, mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mbali zina za phiri, miyala ndi matope zinakwirira midzi ndi kukokolola milatho ku Mulanje ndi ku Phalombe. Zipsera zake zikuonekabe m'mapiri, mizere yofiira yotsika kuchokera kumwamba.

Njala ikavuta, phiri lomwelo lili ndi ntchito ina yolipira msanga. Pokwera mumakumana ndi anthu akutsika atasenza matabwa pamutu, ena mitolo ya nkhuni, ena matumba a makala. Ambiri mwa iwo ndi abale a operekeza alendo omwewo, a mudzi umodzi. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi ndipo unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, watsala pang'ono kutha chifukwa cha macheka ndi moto wolusa. Thabwa lake silidyedwa ndi chiswe, fungo lake limakhala zaka, choncho ogula sasowa. Nkhalango ya m'phirili inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1927, koma kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu ya mkungudza isanu ndi iwiri yokha. Ku Likhubula osema amagulitsabe timabokosi tonunkhira ndi ndodo zoyendera zolembedwa maina a nsonga za phiri, koma naonso amadziwa kuti zomwe akusema ndi zotsalira.

Operekeza alendo amaiona nkhaniyi ndi maso a munthu woteteza mphika wake. Mlendo sangalipire kudzaona zitsa. Mitengo ikatha mitsinje imaphwa m'chilimwe n'kusefukira m'dzinja, ndipo Likhubula yemweyo ndi amene tsopano amatumiza madzi m'mapaipi kukamwetsa anthu a ku Blantyre, nkhani imene inautsa mkangano waukulu kuno ntchitoyo isanayambe. Anthu ankafunsa kuti wosamala gwero la madziwo apindulanji. Funsoli silinathe mphamvu. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi a zankhalango ndi anthu a m'midzi akhala akufesa mkungudza m'manazale n'kukabzala pamwamba, mbande zikwizikwi zitasenzedwa pamutu kukwera njira zomwe matabwa amatsikira. Koma mtengowu umakula pang'onopang'ono, ndipo moto wa tsiku limodzi umatha kupsereza ntchito ya zaka zisanu.

Tsiku limene anyamatawa amaonekera poyera ndi la mpikisano wa Porters Race, umene umachitika m'nyengo yozizira kuyambira ku Likhubula. Amathamanga kukwera mpaka kuchidikha cha pamwamba n'kutsikanso, mtunda woposa makilomita 20, opambana n'kumaliza m'maola osakwana atatu, ulendo umene mlendo amauyenda masiku awiri. Tsiku limenelo Chitakale amadzaza, malo ogona amasowa, zinanazi zimatha masana. Chimodzimodzinso mu Okutobala, pamene a Mulhako wa Alhomwe amasonkhana pa Chonde. Masiku oterewa amaonetsa zimene tauniyi ingakhale alendo atamagona.

Wokonza ulendo wa kuno tikumupempha zochepa. Aime pa Chitakale, agule zipatso popanda kunenerera mpaka kumuliza mayi wogulitsa. Atenge woperekeza wa pamndandanda ngakhale akungopita pa Dziwe la Nkhalamba, chifukwa ndi iyeyo angamuuze za mizimu ya makolo imene anthu akuno amaipatsa ulemu m'phirimo, ndi chifukwa chake malo ena sapokoserapo. Agone usiku umodzi, m'mawa azungulire mpaka ku Phalombe akaone mpata wa Fort Lister, pakati pa Mulanje ndi Michesi. Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO linaika Phiri la Mulanje pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo anyamata a ku Likhubula akuyembekeza kuti mbiri imeneyi ifupikitsa masabata odikira kuti dzina lawo liitanidwe.