Ndodo Zolemera ndi Ndodo Zamasiku Onse Pophunzira Kuimba Ng'oma

Pakati pa anthu ophunzitsa ng'oma za bandi pali mtsutso wakalekale umene sunathe kufikira lero lino. Ena amati mwana wophunzira ayambe ndi ndodo zolemera, kuti pamene adzagwira ndodo zamasiku onse manja ake adzapepuke ndi kufulumira. Ena amakana, nati ndodo imene munthu adzaimbira pabwalo ndiyo imene ayenera kuphunzirira. Inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi mudzakumana nalo funso limeneli, pakuti m'sukulu zina muli kagulu ka ana oimba ng'oma pa perete kapena pa tsiku la masewera, ndipo kawirikawiri mphunzitsi watsopano ndiye amene amamsenzetsa anawo. Nkwabwino tsono kuti tiipende nkhaniyi mofatsa, chifukwa manja a mwana akapweteka kapena akazolowera moipa, mlandu umagwera mphunzitsi.

Kumene ndodozi zinachokera

Ng'oma zambiri za makolo athu, monga mbalule ya ku gule wamkulu, amaziimba ndi zikhatho ndi zala. Koma ng'oma yaing'ono ija ya mawaya kunsi kwake, imene Angerezi amaitcha snare drum, inali ya asilikali a ku Ulaya, ndipo imaimbidwa ndi ndodo ziwiri. Kuno inadziwika makamaka chifukwa cha gulu la nkhondo la King's African Rifles, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1902 ndipo linali ndi malo ake ku Zomba. Maguba ndi mabandi a asilikali, makamaka pa nyengo ya nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndiwo anabala magule a malipenga, mganda ndi beni, m'mene ng'oma amaziimba ndi ndodo. Ngakhale dzina lakuti beni linachokera ku liwu la Chingerezi lakuti band. Chotero funso la ndodo ndi lathu ndithu, ngakhale ndodo za m'sitolo zimachokera kutali.

Ndodo za m'sitolo amazilemba nambala ndi chilembo, monga 7A, 5A, 5B ndi 2B. Nambala ikakhala yaing'ono, ndodo imakhala yonenepa. Motero 2B ndi yonenepa kuposa 5B, ndipo 7A ndiyo yoonda mwa zinayi. Ndodo ya 5A, imene anthu ambiri amaiyesa yamasiku onse, kutalika kwake ndi mainchesi 16, ndiko kuti pafupifupi masentimita 40, ndipo kulemera kwake kuli pafupi ndi magalamu 50, monga dzira la nkhuku. Ndodo za oguba mumsewu ndi zonenepa ndi zolemera koposa zonsezi. Mtengo nawonso uli ndi mbali yake: ndodo zambiri amasema ndi hickory, mtengo wa ku America, za maple zimapepukirapo, ndipo za oak zimalemererapo. Palinso ndodo zachitsulo zimene ena amagula kuti aziphunzirira.

Zimene ndodo yolemera imathandiza

Tisawanyoze msanga anthu okonda ndodo zolemera, pakuti m'mawu ao muli zoona. Poyamba, ndodo yolemera imagwiritsa ntchito minofu ya mkono ndi ya dzanja koposa yopepuka, ndipo munthu wamkulu amene aigwiritsa mwa muyeso amayamba kupirira, osatopa msanga. Kachiwiri, imaphunzitsa kunjanja. Ndodo ikagunda chikopa cholimba imabwerera yokha m'mwamba monga mpira ukamenyedwa pansi, ndipo luso lalikulu la woimba ng'oma ndilo kuilola kuti ibwerere, osaikakamiza. Pokhala yolemera, kubwerera kwake kumamveka bwino m'zala, kotero kuti wophunzira amazindikira msanga kuti ndodo ili ndi ulendo wakewake umene iye ayenera kungouwongolera. Kachitatu, woimba amene manja ake azizidwa m'mawa angathe kuwatenthetsa ndi ndodo yolemera kwa kanthawi asanayambe kuimba.

Chinyengo cha kupepuka

Koma chimene chimakopa anthu ambiri si zitatu zimenezi ai. Chimawakopa ndi chakuti akasiya ndodo yolemera natenga yamasiku onse, amaimva ngati udzu m'manja, ndipo amakhulupirira kuti afulumira. Aliyense amene anatulapo ndowa yodzaza ndi madzi amadziwa mmene khosi limapepukira, ngati mutu ufuna kuuluka. Komabe munthuyo sanawonjezere mphamvu pa mphindi imeneyo, thupi lake langokumbukira katundu amene watula. M'chaka cha 2002 akatswiri a ku Japan anayesa chinthu chofanana ndi ichi pa osewera baseball, masewera omenya mpira ndi chibonga. Osewerawo atayamba aponya chibonga cholemera, anamva kuti chibonga chao chamasiku onse chapepuka ndipo chikufulumira. Koma poyesa ndi makina kunapezeka kuti liwiro silinawonjezeke, ndipo kumenya koyamba kunachedwerapo pang'ono. Chibonga si ndodo ya ng'oma, koma thupi lonyengedwalo ndi lomwelo. Mphunzitsi asakhulupirire mawu a mwana akuti "ndafulumira". Ayese ndi wotchi ndi khutu.

Kumene liwiro limachokera

Tiyeni tilingalire. Ngati ndodo ilemera monga dzira, kodi mwana amene amanyamula khasu kumunda angalephere kuinyamula chifukwa chosowa mphamvu? Nkosatheka. Chimene chimamchedwetsa ndi chakuti ubongo, mitsempha ndi zala zake sizinagwirizane pa nthawi yoponya ndodo ndi nthawi yoilandira. Kugwirizana kumeneku kumabwera pobwereza chinthu chimodzi kambirimbiri, ndipo dzanja limaphunzira chokhacho chimene lazolowetsedwa. Ndodo iliyonse ili ndi nthawi yake yobwerera, ndi malo ake ogwira, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera kumapeto onenepa, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Ndodo ikasintha kulemera ndi kunenepa, nthawi ija imasintha, ndi kagwiridwe ka zala komwe.

Izi zimaoneka bwino pa kaimbidwe komenya kawiri ndi dzanja limodzi, kamene ndiko maziko a kulira kosalekeza kwa ng'oma ya perete. Kumenya koyamba kumachokera ku dzanja, koma kwachiwiri kumachokera ku kunjanja kwa ndodo pothandizidwa ndi zala. Mwana amene wazolowera ndodo yolemera amadalira kulemera kwakeko kuti kumtsirizire kumenya kwachiwiri. Akapatsidwa yopepuka, kumenya kwachiwiri kumafooka, ndipo ng'oma imalira motsimphina. Amavutikanso kuimba motsitsa, pakuti dzanja lake lazolowera kuponya ndi mphamvu. Tsono mwa ophunzira awiri, wina wophunzira ndi ndodo yolemera masiku onse, wina ndi yamasiku onse, woyambayo adzamposa mnzake phokoso, koma wachiwiriyo adzamposa ukhondo wa kaimbidwe.

Aphunzitsi otchuka a ng'oma imeneyi anaika mtima pa kumasuka kwa minofu. George Lawrence Stone wa ku Boston, amene buku lake lotchedwa Stick Control linatuluka m'chaka cha 1935 ndipo likali kugwiritsidwa ntchito, analangiza kuti wophunzira abwereze phunziro lililonse nthawi 20 osalekeza, minofu ili yomasuka, ndi kuti aime akangomva kuti manja ayamba kuuma. Langizo limeneli nlovuta kulisunga ngati ndodo ipambana msinkhu wa dzanja, chifukwa dzanja lolemedwa limafumbata zolimba.

Za kupweteka kwa manja

Pano tiwerengere pamodzi monga m'phunziro la masamu. Nyimbo ya perete imayenda pafupifupi mapazi 120 pa mphindi imodzi. Ngati woimba amenya kanayi pa phazi lililonse, ndiye kuti amamenya nthawi 480 pa mphindi, ndi nthawi 4,800 pa mphindi 10. Kulemera kochepa kumene tawonjezera pa ndodo, dzanja limakuyambitsa ndi kukuimitsa nthawi zonsezo. Ndicho chifukwa chake mitsempha ya pamfundo ya dzanja ndi ya pachigongono ingathe kutupa ndi kuwawa, ndipo ikatero imachedwa kuchira. Ndodo zachitsulo zimaposa apa, pakuti sizimeza kugunda monga umachitira mtengo. Kugundako kumalowa m'dzanja. Ana a pulaimale mafupa ao akali kukula, ndiponso mwana wofuna kukondweretsa mphunzitsi wake amabisa ululu. Akulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo mawu amenewa ayeneranso dzanja la woimba.

Zimene mphunzitsi achite

Poyamba, sankhani ndodo yoyenera dzanja la mwana. Ana aang'ono apatsidwe yoonda monga 7A, ndipo a m'makalasi apamwamba 5A. Ngati mwana sangathe kuigwira momasuka ndi zala ziwiri zija, zinazo zitangoikhudza, ndodoyo yamkulira.

Kachiwiri, kumene kulibe ndalama zogulira, semani ndodo ndi mtengo wouma, wolimba ndi woongoka, ndipo samalani kuti ziwirizo zifanane. Zigubuduzeni patebulo kuti muone ngati zili zokhota, ndipo gogodani iliyonse pathabwa kuti mumve ngati zikulira mofanana. Vic Firth, amene anali woimba ng'oma mu Boston Symphony Orchestra nayamba kupanga ndodo m'chaka cha 1963, anatchuka chifukwa chogulitsa ndodo ziwiriziwiri zofanana kulemera ndi kulira. Ndodo zosiyana zimalemaza dzanja limodzi pa kaimbidwe.

Kachitatu, konzani pophunzirira. Chidutswa cha chubu chakale cha galimoto chomatidwa pathabwa chimanjanjitsa ndodo bwino, sichisokoneza makalasi ena, ndipo chimasunga chikopa cha ng'oma ya sukulu.

Kachinayi, gawani nthawi mwanzeru. Pa phunziro la mphindi 30, ana akuluakulu amene adziwa kale kagwiridwe angathe kugwira ndodo yolemerako, monga 2B, kwa mphindi 5 zoyamba, akumenya pang'onopang'ono ndi kupenyetsetsa kubwerera kwa ndodo. Mphindi zotsalazo zikhale za ndodo imene adzaimbira pabwalo. Ana oyamba kumene asaigwire konse yolemerayo. Wophunzira amene gulu lake limaguba ndi ndodo zonenepa aphunzirire zonenepazo, pakuti kwa iye zimenezo ndizo zamasiku onse.

Kachisanu, yambani mochedwa. Phunzitsani kumenya mosinthana manja, kenaka kawirikawiri, kenaka kaimbidwe kotchedwa paradiddle, kamene kamayenda motere: lamanja, lamanzere, lamanja, lamanja; lamanzere, lamanja, lamanzere, lamanzere. Musawonjezere liwiro kufikira kumenya konse kumveke kofanana. Penyani mapewa a mwana: akakwera m'mwamba, kapena nkhope ikachita tsinya, dziwani kuti minofu yauma, ndipo mumpumitse. Mwana akanena kuti dzanja likuwawa kapena lachita dzanzi, aleke tsiku limenelo, ndipo ululu ukapitirira apite kuchipatala.

M'mera mpoyamba. Kagwiridwe kamene mwana adzaphunzira kwa inu m'chaka chake choyamba adzapita nako ku sekondale, ku mganda wa kumudzi kwao, kapena ku bandi ya mpingo, ndipo kuwongola dzanja lozolowera moipa kumatenga nthawi yaitali kuposa kuliphunzitsa bwino pachiyambi. Chifukwa chake ndodo yolemera muiyese monga mankhwala, amene amamwedwa pang'ono ndi pa nthawi yake. Chakudya cha tsiku ndi tsiku cha woimba ng'oma chikhale ndodo yomuyenera, kubwereza modekha, ndi khutu la mphunzitsi lomvetsera.