Kutentha kwa kuchigwa kusanamize woweta anapiye

Wamalonda akagula anapiye 50 ndipo 10 n'kufa, ndalama yonse imene anagulira imasenzedwa ndi 40 otsalawo. Apa ndiye kuti mtengo wa mwanapiye aliyense wakwera ndi kota, osawerengera chakudya chimene akufawo anadya. Ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, monganso kwina, imfa zotere zimakonda nthawi ziwiri: sabata yoyamba, ndi sabata imene anapiye awatulutsa kunja.

Chimene chimanamiza anthu kuchigwaku ndi kutentha. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 pomwe chigwachi chili cha m'ma 500. Munthu wotsika Khwekhwerere mu October amavula juzi asanafike pa Golomoti, ndiye n'kumati anapiye kuno safuna moto. Masana n'zoona. Koma mwanapiye wa masiku ochepa thupi lake silisunga kutentha. Sabata yoyamba amafuna madigiri 32 mpaka 35, kenaka n'kumatsitsa ndi madigiri atatu sabata iliyonse. M'bandakucha, makamaka mu June ndi July mwera ukamaomba, mbaula imafunikabe.

Wopanda choyezera angoyang'ana anapiyewo. Akaunjikana n'kumalira ndiye kuti azizidwa. Akathawira m'mbali atayasamula kukamwa, moto wachuluka. Makala azilowa m'khola atayaka kale, ndipo pazikhala polowera mpweya, chifukwa mpweya wa makala m'chipinda chotseka umapha ngakhale munthu. Pansi pathiridwe mankhusu a mpunga ouma, omwe savuta kupeza kufupi ndi sikimu ya Bwanje.

Nkhuku zoyera zija za nyama nkhani yake n'njachidule: sizituluka. Zimakhala m'khola mpaka tsiku la msika, pa masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Zotulutsa kunja ndi zachikuda ndi za Mikolongwe, zakuda zija zomwe dzina lake lenileni ndi Black Australorp. Boma lakhala likugulitsa za Mikolongwe kwa alimi zili ndi masabata asanu ndi limodzi, ndipo msinkhu umenewu sunangosankhidwa mwachisawawa. Ndi pamene nthenga zimakhala zitakuta thupi lonse. Mwanapiye amene pakhosi ndi pamsana pakadali ubweya sanakhwime, ngakhale kunja kutenthe bwanji.

Kutulutsako kuzichitika pang'onopang'ono. Tsiku loyamba ola limodzi m'mawa, mame atauma, m'kakhola ka waya kapena pansi pa dengu lalikulu la nsungwi, pamthunzi, madzi ali pomwepo. Mawa lake maola awiri, choncho mpaka sabata yathe. Dzuwa la October ndi November limatha kupha anapiye otsekeredwa pamtetete masana amodzi okha, motero kakholako kazisunthidwa kutsata mthunzi. Kasaikidwe pamene nkhuku zikuluzikulu zimapalasa kapena pa chinyontho, poti m'pamene anapiye amatola matenda a chitosi cha magazi. Pamwamba pazikhala potseka kuopa mphamba ndi khwangwala, ndipo m'munsi pasakhale mpata wolowera likongwe kapena ng'azi. M'dzinja mdani wina ndi linthumbu, amene amatha kumaliza khola lonse usiku umodzi.

Ambiri amalakwitsa pa chakudya. Akatulutsa anapiye amati azidzitolera okha, n'kusiya chogula chija tsiku lomwelo kuyamba gaga yekha. Anapiye otere amapinimbira, ndipo wogula pamsika akainyamula nkhuku m'manja amadziwiratu kuti n'njopepuka. Gagayo azisakanizidwa ndi soya wokazinga ndi fumbi la usipa lopanda mchere, ndipo kusinthako kutenge masiku angapo. Kuwapatsa chakudya m'khola madzulo kumawaphunzitsa kubwerera okha.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi chitopa. Katemera wa I-2, amene amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndi dontho limodzi m'diso, amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse, ndipo alangizi a ziweto amadziwa kumene amapezeka. Sagwira ntchito tsiku lomwelo; thupi limafuna masabata ngati awiri. Choncho anapiye alandire katemera masabata awiri asanaponde kunja, osati nkhuku za oyandikana nawo zitayamba kusinza. Wageni ali pachiopsezo china: nkhuku zimene zatsala pamsika wa Mtakataka kapena Golomoti zakhala m'chitete chimodzi ndi za anthu ena. Zikabwerera kunyumba zikhale pazokha masabata awiri, kutali ndi anapiye.

Wofuna msika wa Khrisimasi awerenge chobwerera m'mbuyo. Nkhuku ya Mikolongwe imafuna miyezi ngati isanu kuti ifike pogulitsika, ndiye kuti anapiye ake ndi oswedwa kumapeto kwa July. Amenewa adzatuluka kunja mu September, nthawi imene chitopa chimavuta m'midzi. Ndalama ya katemera ipatulidwiretu tsiku logula anapiye.